Chisudzulo cha Papepala

Seoul, 10 Marichi 2002

Bambo a Solmae,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi ndi mwana wathu. Ine kuno ndili bwino, kupatula dzino lija lakumanzere limene limandikumbutsa kuti lilipo ndikamwa madzi ozizira. Kalatayi ndapatsira msuweni wanga Bokja, amene akubwera kumeneko kudzaona ana ake. Ndasiya kuimba foni kugolosale kwa Okbun chifukwa mumayankha ngati muli kupolisi, ndipo ndimamumva Okbun akusunthasuntha mabotolo pafupi kuti amve nawo.

Ntchito yotsuka mbale ija ndasiya. Tsopano ndikusamala bambo wina wokalamba, a Tak, amene anali mphunzitsi wa masamu pa yunivesite. Anafa ziwalo mbali yakumanja chaka chatha. Ndimawasambitsa, kuwadyetsa, kuwasintha matewera ndi kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Malipiro ndi mawoni 900,000 pamwezi, ndalama za kuno, kudya ndi kugona pomwepo. M'nyumbamo ali awiri ndi akazi awo basi, ana ali ku Canada.

Munafunsa kuti zikuyenda bwanji ndi munthu uja. Dzina lake ndi Pyo, mukulidziwa, munaliona pachikalata. Zikuyenda monga tinagwirizana tsiku lija inu ndi ine tinakasaina chisudzulo ku Hwaryong, kenaka n'kubwerera kunyumba pa basi imodzi. Ukwati wanga ndi a Pyo ndi wa papepala, monganso chisudzulo chathu ndi cha papepala. Pafunika zaka ziwiri ndisanapemphe unzika wa kuno. Ukatuluka ndidzasudzulana nawo, inu ndi ine tidzakwatirananso, ndipo ndidzakuitanani nonse. Sindikulemba izi chifukwa mwaiwala, koma kuti zikhale zolembedwa penapake, poti mapepala onse amene alipo akunena zina. Musunge pamene amayi sangaone.

Lamlungu lililonse ndimapita kwa a Pyo kuti anthu oyandikana nawo andione ndikuyanika zovala. Ndi bambo wa zaka 51, amakonza maboila otenthetsa m'nyumba, salankhulalankhula. Mkazi wawo anawathawa kalekale. Amanditcha aphunzitsi a Chae.

A Tak anandigwira sabata yachiwiri. Ankayesa kulemba ndi dzanja lamanzere, n'kulakwitsa chizindikiro pa mzere wachitatu. Ine ndikupukuta tebulo ndinangoloza ndi chala.

"Mayi a ku Yanbian," anatero, kutchula dera lakwathu, pakamwa popotoka paja, "zimenezi munaziona kuti?"

Ndinawauza kuti ndinaphunzitsa masamu zaka khumi ndi zinayi, mpaka sukulu yathu inatsekedwa ana atatha m'midzi. Kuyambira tsiku limenelo ndimawalembera zimene akunena, ola limodzi masana aliwonse. Malipiro sanakwere.

Moyo wawo wonse akhala akuwerengera funso limodzi: anthu awiri amene angathe kunyengana, n'chifukwa chiyani nthawi zina sanyengana? Buku lomalizali akuti likhudza mwamuna ndi mkazi. Amandiphunzitsa ndi timiyala ta masewera awo. Aliyense afumbata kamwala mnzake osaona, koyera ngati akusunga pangano, kakuda ngati akunyenga, kenaka titambasula manja pamodzi. Tonse tikaonetsa toyera, aliyense apeza zitatu. Wina akaonetsa kakuda mnzake koyera, wakakudayo apeza zisanu, mnzakeyo osapeza kanthu. Tonse tikaonetsa takuda, chimodzichimodzi. Mukawerengera muona kuti, mnzanu atenge kalikonse, inu mupindula ndi kakuda. Iyenso chimodzimodzi. Ndiye anthu awiri ochenjera amathera pa chimodzichimodzi, pamene zitsiru ziwiri zikanapeza zitatuzitatu. A Tak akuti zimasintha pokhapokha ngati awiriwo adzakumananso mawa.

Ndatumiza mayuan 4,000, ndasintha kale kukhala ndalama za kwathu. Mbewu ya mpunga mugule yatsopano, osati yotsala ya chaka chatha. Fizi ya Solmae mukalipire nokha kusukulu, musamupatsire. Zotsala mugulire malata a khola la ng'ombe. Mankhwala a mawondo a amayi ali m'kathumba kobiriwira. Azimwa piritsi limodzi patsiku, osati atatu monga amachitira. Apulo limodzi kuno ndi mtengo wa nkhuku kwathu, ndiye sindidya.

Ndine,
Gumsun


Seoul, 21 Julayi 2002

Bambo a Solmae,

Kalata yanu ndalandira. Ndakondwa kumva kuti mpunga wagwira bwino ndi kuti amayi ayamba kuyenda mpaka pamsewu. Ine ndili bwino. Kuno kukutentha moti a Tak ndikuwasambitsa kawiri patsiku.

Mwalemba masamba awiri koma funso ndi limodzi, ndipo mwalifunsa katatu: Lamlungu ndimagona pati. Ndimagona m'kachipinda kamene a Pyo amasungiramo mapaipi ndi zitsulo. Kali ndi loko wam'kati, anaika okha ndisanapemphe. Ndayankha. Koma mukudziwa, monga ine ndikudziwira, kuti ndikanakhala ndikunama yankho likanakhala lomweli. Ndilibe njira yokutsimikizirani. Inunso mulibe njira yonditsimikizira za kumeneko, ndipo sindinakufunseni.

Kuno kumabwera mayi wina amene anali wophunzira wa a Tak, tsopano naye akuphunzitsa pa yunivesite. Amaitana mabanja kuofesi kwake, n'kuika mwamuna chipinda china, mkazi china. Wina apatsidwa ndalama khumi zapepala. Zimene watumiza kwa mnzake mu envulopu amazichulukitsa katatu, ndipo mnzakeyo abweza zimene wafuna, kapena osabweza n'komwe. Podikira envulopu, amawamangirira kachipangizo kuchala koyeza thukuta. Ine ndimakopera manambala m'kope. Pali bambo wina, zaka makumi atatu m'banja, anatumiza ziwiri zokha. Koma chimene ndinaona ine n'chakuti amene anatumiza zonse khumi, zala zawo zinatuluka thukuta chimodzimodzi ndi anzawowo. Ndinkaganiza kuti wokhulupirira mnzake saopa. M'kope lathu sizikuoneka choncho. Amaopa, koma amatumizabe.

Pa masewera a timiyala aja, njira imene imayenda bwino ndi yapafupi: yamba ndi koyera, kenaka uzingobwezera zimene mnzako anachita ulendo wapitawo. Tinkatsata imeneyo tonse awiri, toyera tokhatokha. Tsiku lina dzanja lawo lamanzere linatola kakuda mwangozi, iwo osadziwa. Ulendo wotsatira ine ndinabwezera kakuda. Iwo anadabwa, nabwezera kakuda pamene ine ndinali nditabwerera ku koyera. Tinasinthana choncho maulendo khumi ndi awiri, aliyense akuganiza kuti anayamba ndi mnzake.

"Mwaona?" anatero. "Palibe woipa pano. Dzanja langolakwa kamodzi. Mankhwala ake n'kulekerera nthawi zina. Pezani kuti kangati."

Ndinawerengera kuseri kwa kalendala masiku awiri. Ndi manambala athu aja, zinatuluka kamodzi pa katatu: ukaona kakuda katatu, kamodzi uchite ngati sunaone. Ukalekerera kuposa apo akudyera masuku pamutu, ukachepetsa mkangano sutha.

Akazi awo ankasenda adyo pafupi. "Kulekerera? Madala awa? Ndinaswa mbale ya amayi awo chaka cha 1974, mpaka lero amaitchula."

"Imeneyo sinagwere pa kachitatuko," anatero a Tak.

Ndatumiza 3,500. Malasha mugule tsopano asanakwere. Solmae wandilembera kuti akufuna nsapato zonga za anzake amene amayi awo ali kuno. Ndamuikira, akaona zazikulu aike pepala kutsogolo. Musamwe kwambiri pa ukwati wa mwana wa achimwene anu.

Ndine,
Gumsun


Seoul, 9 Febuluwale 2003

Bambo a Solmae,

Chaka chabwino kwa inu ndi amayi. Ndikhulupirira muli moyo, poti Solmae sanatchule za matenda. Kalata yanu yomaliza inali ya nthawi yokolola. Ine ndili bwino. Tsiku la Chaka Chatsopano chathu, chimene chagwa pa 1 Febuluwale ulendo uno, ndinagwira ntchito, ana a a Tak sanabwere.

Bokja wabwerako ndi tsabola wouma ndi nkhani. Tsabolayo ndi wabwino, muwathokoze amayi.

Akuti denga la khola lidakali momwe linalili, ng'ombe ikugona pa chipale chofewa. Akuti kimchi ya chaka chino, ndiwo zathu za kabichi zosungira nyengo yozizira, anakukonzerani ndi Okbun, poti amayi manja sakugwira. Akuti masiku ambiri mumadya kugolosale, ndipo mwamuna wa Okbun sanamvekebe chipitire ku Russia. Ananenanso zina. Pakamwa pa Bokja mumapadziwa.

A Tak ali ndi njira yoyezera nkhani zotere. Uyambe ndi zimene unkakhulupirira usanamve. Kenaka ufunse kuti wobweretsa nkhaniyo akanainena kangati ikanakhala yoona, ndi kangati ikanakhala yabodza. Ndinayesa. Bokja amawonjezera pa theka la zimene amanena, koma sapeka maina. Inu pa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri munandinamiza kawiri zimene ndikudziwa, za njinga yamoto ija ndi za tsiku munati muli kumsonkhano wa alimi. Ndinaikapo makalata amene sanabwere, ndi malata amene sanagulidwe. Panatuluka nambala. Sindikulemberani.

Ine sindinaone kanthu ndi maso anga. Ndikutenga ngati dzanja langolakwa, ndipo ulendo uno ndilekerera. Sindikufunsa.

Ndatumiza 3,000, koma ulendo uno kudzera mwa aphunzitsi a Solmae, kuti musavutike ndi ulendo wa kutauni. Ndaikamo majuzi awiri, yabulauni ndi ya amayi. Ng'ombe muiphimbe ngakhale ndi mapesi. Okbun mumupatse botolo limodzi la mafuta a chitowe amene ndinatumiza, chifukwa cha kimchi. Tisakhale ndi mangawa kwa iye.

Ndine,
Gumsun


Seoul, 28 Sepitembala 2003

Bambo a Solmae,

Moni kwa inu ndi amayi. Kalata yanu ya mizere isanu ndi umodzi ya mu Meyi ndinalandira, ndipo ndamva kuti ng'ombe inaswa. Ine ndili bwino tsopano. Mwezi wathawu ndinatsala pang'ono kubwera kumeneko popanda chikwama.

Dobadoba uja anatikonzera ukwati ndi a Pyo anagwidwa, ndipo maukwati onse amene anadutsa m'manja mwake akuwafufuza. Tinaitanidwa kuofesi yoona za alendo. Tinali ndi sabata imodzi yoloweza: tinakumana kuti, ndani amadzuka woyamba, mswachi wa yani ndi wamtundu wanji.

Titafika anatilekanitsa, iwo chipinda china, ine china. Wondifunsa anali mtsikana waulemu, wamng'ono kuposa ana amene ndinawaphunzitsa poyamba. Anandipatsa tiyi. Atafunsa mafunso kwa ola limodzi anatseka faelo.

"Amayi, ndikuuzeni mosabisa. Amene wayamba kunena zoona ndiye zimamuyendera bwinoko. Mukayamba inu, mubwerera kwanu mwaulemu. Akayamba abambowo, iwo alipira chindapusa chochepa, inu tikusungani mpaka tsiku la ndege. Kodi mukudziwa zimene akunena kuchipinda chinacho?"

Ndinati sindikudziwa. Zinali zoona.

Anatuluka, n'kundisiya ndekha mphindi makumi anayi. Ndinaona kuti ndi masewera a a Tak aja, kungoti palibe timiyala. Ndinawerengera mbali ya a Pyo. Ndikaulula ine, iwo kuli bwino akhale ataulula kale. Ndikapanda kuulula, akaulula apulumukabe ndi chindapusa chochepa. Ndalama yawo analandira kalekale, ndipo ine si mbale wawo. Panalibe chifukwa choti akhalire chete. Zala zanga zinanyowa mpaka kapu inkaterera.

Mtsikanayo atabwerera ndinati, "A Pyo ndi amuna anga. Ndilibe china chonena."

Anatitulutsa cha m'ma 4 koloko. A Pyo nawonso sanaulule. Mayankho athu anagwirizana, ngakhale limodzi limene sitinaloweze. Anawafunsa ngati mkazi wawo ali ndi vuto lililonse m'thupi. Anayankha kuti dzino lakumanzere, amatafunira kumanja, samwa madzi ozizira, ndipo akamakwera masitepe amawerenga chamumtima milomo ikugwedera. Za dzino sindinawauzepo. Za masitepe sindinkadziwa ndi ine ndemwe.

Mu basi ndinawafunsa. "Bwanji simunanene? Mukanapulumuka."

"Ndinaganiza zimenezo," anatero. "Ndinaganiza kwambiri ndithu."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinaona kuti inu simunena. Pafupifupi zaka ziwiri, aphunzitsi, simunachedwepo Lamlungu ngakhale ndi mphindi khumi. Munthu wotere akati chakuti, ndi chomwecho."

"Nanga ndikanaulula?"

"Ndikanakhala chitsiru. Si koyamba."

Kenaka anagona mpaka potsikira, pakamwa pali yasa.

Nditawafotokozera a Tak anasangalala ngati mwana, mpaka dovu kutsika. "Walakwitsa masamu! Munthu wa maboila walakwitsa masamu ndipo wapambana! Lembani, lembani!"

Akazi awo anati, "Masamu ake ati? Munthuyo wakonda basi."

Ndikulemba monga ananenera.

Ndatumiza 2,000 zokha chifukwa ndinajomba masiku anayi. Mwana wa ng'ombe musagulitse chaka chino. Solmae akuti masiku ano sabwera kunyumba Loweruka, akutsala kusukulu. Sananene chifukwa. Mumufunse, kapena ngati mukudziwa kale, musamukakamize.

Ndine,
Gumsun


Seoul, 14 Marichi 2004

Bambo a Solmae,

Ndikhulupirira amayi achira chifuwa chija. Ine ndili bwino. Makalata anu ayambanso kubwera, awiri mwezi umodzi, ndipo mwati denga la khola mwakhoma. Sindikufunsa chimene chasintha. Mafomu a unzika ndinapereka mu Disembala, akuti ndidikire chaka kapena kuposerapo.

A Tak anamwalira pa 19 Januwale, m'mawa, ndikuwamwetsa phala. Ana anabwera, anakhala masiku asanu, anabwerera. Akazi awo andipempha kuti ndikhalebe, malipiro atsika pang'ono poti palibenso munthu woti ndizimunyamula.

Buku silinathe. Mutu womaliza unali wa masewera amene mapeto ake akudziwika. Onse awiri akadziwa kuti ulendo wa 100 ndiwo womaliza, pa ulendo umenewo palibe chosungira pangano, poti mawa kulibe. Podziwa zimenezo, wa 99 usanduka womaliza, nawonso uwonongeka. Kenaka wa 98, mpaka kufika pa woyamba. A Tak ankati n'chifukwa chake pa chikalata cha ukwati salembapo tsiku lothera. Nkhani ya a Pyo inkawasowetsa mtendere, poti ukwati wathu uli ndi tsiku lothera ndipo a Pyo akulidziwa. Anandilembetsa masamba asanu ndi anayi pofuna kuilongosola, onse anandiuza kuti nding'ambe.

Sabata yatha ine ndi mayiwo tinkapinda zovala za malemu zoti tikapereke. Anangoyamba okha, maso ali pa malaya.

"Chaka cha 1966 anapita ku America kukaphunzira. Zaka zisanu. Ine ndinatsala ku Daegu ndi apongozi ndi khanda. Chaka chachitatu makalata anasintha, anayamba kutalika ndi kukhala aulemu kwambiri. Kenaka mkazi wa mnzawo anandilembera. Kunali mkazi kumeneko, ankakhala limodzi."

Ndinafunsa ngati anawafunsa atabwerako.

"Ayi. Ndinkadikira kuti anene okha. Iwo ankadziwa kuti ndikudziwa. Zaka makumi atatu ndi zitatu, mwana wanga. M'malo monena analemba mabuku anayi, kufufuza kuti n'chifukwa chiyani munthu sachoka."

"Koma munawakhululukira?"

"Ukhululuka bwanji chinthu chimene mwini wake sanakupatse? Ndinangokhala. Ndinkawaphikira, ndinkawaseka, pomaliza ndinkawapukuta. Koma sindinawagwirenso dzanja pamsewu." Anandipatsa jekete yaubweya. "Iyi mutumizire amuna anu enieniwo. Musandiyang'ane choncho, ndinadziwa mwezi woyamba."

Jeketeyo ili m'katunduyu, manja ake mupinde. Ndatumiza 3,000. Solmae akufuna kulemba mayeso a sukulu ya ku Yanji, mumulole, za fizi ndiona ine. Za chisanu chapitachi ndili nazo zoti ndinene, koma osati lero.

Ndine,
Gumsun


Seoul, 3 Epulo 2005

Bambo a Solmae,

Moni kwa nonse. Ine ndili bwino. Kalatayi muwerengere panokha.

Unzika unatuluka mu Febuluwale. Lachinayi lapitali ine ndi a Pyo tinakasaina chisudzulo. Sanapemphe ndalama ina, ngakhale anzawo ambiri amatero ikafika nthawi imeneyi. Tsopano pa mapepala onse, a kuno ndi a kwathu, sindine mkazi wa munthu.

Chaka chatha ndinati ndili ndi zoti ndinene. Ndi izi. Masiku atatu a Lamlungu, mu Disembala 2003, sindinagone m'kachipinda ka zitsulo. Loko sanathyole munthu, ndinatsegula ndekha. Lamlungu lachinayi ndinawauza a Pyo kuti zathera pomwepo, ndipo sanabwerezenso kufunsa. Sindikunena kuti ndinkabwezera zimene Bokja anandiuza. Ndikanakonda zikanakhala choncho, zikanalongosoka mosavuta. Zoona zake n'zakuti panali munthu amene ankadziwa mbali imene ndimatafunira, ndipo ndinali nditatopa.

Chikalata cha unzika chitabwera anandifunsa kamodzi kokha. Tinali pakhomo, akumanga nsapato.

"Aphunzitsi, pepala la ukwati wathuli likhoza kungokhala momwe lilili. Ngati mukufuna."

Ndinaganiza masiku khumi ndi limodzi. Ndikukuuzani nambalayi kuti musaganize kuti ndinakana pomwepo. Nditawayankha anangoti, "Chabwino." Titatuluka kukhoti anandigulira msuzi wa mafupa a ng'ombe, n'kundiuza kuti dzino lija ndikachotse, ndasunga mokwanira.

Zimenezi simukanazidziwa mpaka kufa. A Pyo salankhula, Bokja sakudziwa, palibe anaona. Ndikanatha kubwera kumeneko, kusaina, n'kukhala nanu zaka makumi atatu ndi zitatu monga anakhalira eni nyumba ino. Ndaona mmene zimathera ndipo sindikuzifuna. Ndiye ndayamba ine kutumiza, monga anthu a maenvulopu aja. Mukhoza kuonetsa kalatayi kwa amayi ndi abale anu onse, n'kunena kuti mkazi uja anakaonongekera ku Seoul. Palibe angakutsutseni, ndipo chisudzulo muli nacho kale m'kabati. Ndikudziwa zimenezo pamene ndikumata envulopuyi.

Mafomu a ukwati ndawatenga koma sindinatumize. Ndidikira kalata yanu. Musandilembere za ng'ombe.

Fizi ya Solmae ya chaka chonse ndalipira kale kusukulu. Imeneyo sikhudzana ndi zimene mudzayankhe.

Gumsun


Seoul, 12 Juni 2005

Bambo a Solmae,

Kalata yanu inafika Lachiwiri, patatha masabata asanu ndi anayi. Ndakondwa kuti amayi ali bwino. Ine dzino ndinachotsa, tsaya latsika kale.

Mwalemba masamba atatu a ng'ombe, mitengo ya feteleza ndi mpanda wa achimwene anu. Ndinawerenga onse. Pansi penipeni, pamene inki yasintha mtundu, mwalemba kuti: "Ine ndi Okbun, kuyambira nthawi yokolola ya 2002 mpaka Chaka Chatsopano cha 2004. Solmae anatipeza, n'chifukwa chake sabwera kunyumba. Ndalama ya malata ndinagulira firiji ya kugolosale. Zanuzo zandipweteka, masiku awiri sindinadye. Amayi sindinawaonetse. Bwerani."

Ndalandira. Za firiji sindinkazidziwa, ndipo zandiwawa kuposa zinazo, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinayamba kuika miyezi yanu khumi ndi isanu pambali pa masiku anga atatu, kenaka ndinasiya. Solmae ndamulembera ndekha, ndamuuza zanga zomwe. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wanyamula za bambo ake yekhayekha nthawi yaitali, asaganize kuti mbali inayi ndi yoyera. Sanayankhe. Mwina satiyankha tonse awiri kwa kanthawi.

Mayi a kuno andipatsa tchuthi cha mwezi umodzi. Ndinyamuka pa 2 Julayi, ndege mpaka ku Shenyang, kenaka sitima. Ndifika ku Yanji pa 3 Julayi m'mawa. Mafomu ndibwera nawo m'chikwama. Kugolosale sindidzalowa, ndipo mchere ndi sopo muzikagula kutauni, ngakhale ndi kutali. Chipinda chathu muchotsemo matumba a mbewu. Musaphe nkhuku, musaitane abale tsiku loyamba.

Kusiteshoni mubwere nokha. Ndanenepa pang'ono, tsitsi ndinadula lalifupi ndipo layamba imvi kutsogolo, komanso masiku ano ndimavala magalasi. Ndidzavala bulauzi yobiriwira, ndidzaima pafupi ndi wotchi yaikulu ija. Inunso mundiuze chimene mudzavale.

Ndine,
mayi a Solmae